Manotsi 12 ndawatsata onse, nanga bwanji nyimbo yanga ikumveka ngati pamsika?

Uthenga uwu wachokera kwa mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Chitakale, ku Mulanje, amene amayimbitsanso kwaya kutchalitchi kwawo. Ndaufupikitsa pang'ono.

"Bambo, ine ndinakula ndi tonic sol-fa koma staff (manotsi olembedwa pa mizere isanu) ndimawerenganso. Chaka chatha ndinaphunzira pa YouTube kapekedwe ka nyimbo kogwiritsa ntchito tone row, ndipo ndinatengeka nako. Tilipo anthu 6 amene timakumana Loweruka masana: wa kiyibodi, wa gitala, wa vayolini, wa chitoliro cha flute, wa lipenga, ndi amalume anga amene amayimba bangwe wa zingwe 7. Ndinandandalika manotsi anga 12, n'kulemba nyimbo ya mphindi 8, osaphwanya lamulo ngakhale limodzi. Titayesa, wa lipenga anaseka mpaka misozi, amalume anangonyamula bangwe wawo n'kunena kuti akukaona mbuzi. Zikumveka ngati pamsika wa Limbuli. Ndikulakwitsa pati? Kapena nyimbo zamtunduwu si zathu, ndingozisiya?"

Achimwene, mtima m'malo. Zimene munamva Lowerukalo ndi zimene pafupifupi aliyense amamva akayesa njirayi koyamba, inenso ndinazimva. Wa lipengayo musamusungire chakukhosi, ndipo amalumewo musawayimbe mlandu, makutu awo sananame. Koma chimene makutuwo anakana si manotsi 12 ayi. Ine ndikuona ngati munawapakulira kalongonda wosapsa. Inu a ku Mulanje mukudziwa kuti kalongonda ndi chakudya, koma ukangomuwiritsa kamodzi n'kuika pambale anthu amachita chizungulire. Amafuna moto wautali ndi kutaya madzi kangapo. Mndandanda wa manotsi 12, umene ndiwo tone row mwatchulayo, ulinso choncho. Kuulemba papepala n'kuthyola chabe kumunda, kuphika kusanayambe.

Tisanapite kutali, yang'anani kaye pepala la wa lipenga uja. Malipenga ambiri amene timawapeza kuno ndi a B♭. Woyimba akawerenga C, chotuluka ndi B♭, sitepe imodzi pansi. Ngati munamukopera manotsi monga alili pa kiyibodi, ndiye kuti iye yekha ankayimba zake, zosiyana ndi zimene munalemba. Mukafuna kuti pamveke E G A C D F, mumulembere F# A B D E G. Mukapanda kutero atulutsa D F G B♭ C E♭. Mu nyimbo ya kwaya cholakwa chotere chimagwidwa pa bar yoyamba, poti aliyense amamva kuti wina wasochera. Mu nyimbo ya manotsi 12 chimabisala bwinobwino, anthu amangoti mwina ndi mmene mwini wake anafunira. Ine ndinachitapo zimenezi ndi clarinet, imenenso ndi ya B♭. Tinayeserera masabata atatu, ndipo amene anazindikira anali mtsikana woyimba clarinetyo, atabwera kudzayerekeza pepala lake ndi langa. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale. Muonenso kiyibodi. Anyamata athu amakonda batani la transpose, lija lokweza kapena kutsitsa kiyi, ndipo nthawi zambiri limagona pomwe linasiyidwa pa mapemphero a Lamlungu.

Ngati zonsezo zili bwino, tibwere pa mawu anu amene andidetsa nkhawa kwambiri, akuti "osaphwanya lamulo ngakhale limodzi".

Njirayi, imene pa Chingerezi amati twelve-tone, anaikhazikitsa ndi Arnold Schoenberg, wopeka nyimbo wa ku Vienna, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Suite yake ya piyano, Op. 25, anaimaliza mu 1923. Cholinga chinali chakuti pasakhale noti imodzi yokhala mfumu, monga d amakhalira mu nyimbo zathu za kwaya, kumene mawu onse amabwerera kukagona. Manotsi onse 12 a mu octave, amene mu sol-fa tingawatchule d de r ma m f fe s se l ta t, amaikidwa m'dongosolo limodzi, ndipo nyimbo yonse imatungidwa pachitsime chimenecho. Mndandandawo mungauwerenge chamtsogolo, mungauwerenge chobwerera m'mbuyo, mungauzondotse kuti pamene unakwera utsike mlingo womwewo, ndipo wozondokawo mungauwerengenso chobwerera. Njira zinayizi iliyonse ingayambire pa noti iliyonse mwa 12 zija, ndiye mndandanda umodzi umakupatsani maonekedwe 48.

Lamulo lake n'lomwelo basi. Zina zonse zimene ongoyamba kumene amadzimanga nazo palibe anawalamula. Noti mungaibwereze pomwepo kasanu, kakhumi, musanapite pa yotsatira. Mungaiike m'mwamba kapena pansi, E ndi E ndithu kaya ili mu octave iti. Manotsi atatu otsatizana mungawalize nthawi imodzi n'kukhala chord. Mndandanda umodzi mungaugawire anthu anayi. Mungasiye chete wa bar yathunthu pakati pake. Ndikukayikira kuti inu munapatsa munthu aliyense mndandanda wake wonse, manotsi ofanana kutalika, onse n'kuyamba limodzi mpaka kumapeto. Anthu 6 akamalankhula nthawi imodzi, aliyense nkhani yake, popanda wopumira, dzina lake ndi msika ndithu. Schoenberg yemweyo mu 1932 analembera kalata mlamu wake Rudolf Kolisch, woyimba vayolini, amene anavutika kufufuza mndandanda wa nyimbo yake ina. Anamuuza kuti kufufuza koteroko kumangoonetsa mmene nyimbo inapangidwira, osati chimene nyimboyo ili. Mwini njira ankafuna anthu amve nyimbo, osati awerengere manotsi.

Funso langa lachiwiri: mndandanda wanuwo munaupeza bwanji? Ambiri amangolemba manotsi pa timapepala n'kuchita mayere. Manotsi 12 angandandalikidwe m'njira 479,001,600, ndipo zambiri mwa izo kwa inu n'zopanda ntchito. Ine muyeso wanga ndi umodzi. Ngati simungathe kuuyimba pakamwa mukuyenda kuchoka pa Chitakale kupita pa boma, usiyeni, pezani wina. Chimene wopeka sangayimbe, wa vayolini sangachichune ndipo womvera sangachikumbukire.

Musaganize kuti kukoma n'koletsedwa. Alban Berg, wophunzira wa Schoenberg, mu Violin Concerto yake ya mu 1935 anagwiritsa ntchito mndandanda uwu: G B♭ D F# A C E G# B C# D# F. Taonani noti yoyamba, yachitatu, yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri. Ndi G D A E, zingwe zinayi za vayolini zosagwidwa ndi chala. Manotsi atatu oyamba ndi chord ya G minor yodziwika ndi aliyense. Munthuyo anasoka mndandanda poyeza thupi la choyimbira chake, monga telala amayezera kasitomala asanadule nsalu. Inunso yezani gulu lanu, ndipo muyambire pa amene ali ndi manotsi ochepa kuposa onse, amalume.

Nachi chitsanzo chimene ndakupangirani, osati kuti muchitenge, koma muone kaganizidwe kake. Manotsi C D E F G A ndi d r m f s l mu kiyi ya C. Otsala 6, F# G# A# B C# D#, nawonso ndi d r m f s l, koma mu kiyi ya F#. Mukawaphatikiza mwapeza onse 12, popanda wobwerezedwa. Tsono mndandanda ukhale E G A C D F, kenako C# B G# A# D# F#. Munthu wa kwaya auyimba mosavuta: m s l d r f mu C, n'kudumphira s f r m l d mu F#. Pamene pali ntchito ndi podumphirapo pokha, kuchoka pa F kupita pa C#. Muonanso kuti E, G, A ndi D ndi zingwe zosagwira pa vayolini ndi pa gitala pomwe, ndiye awiriwo ali ndi potsamira.

Chokoma chake chili apa. Mndandanda womwewu mukauyambira pa A#, masitepe atatu pamwamba, umakhala A# C# D# F# G# B, kenako G F D E A C. Theka lake lachiwiri labwerera pa manotsi 6 oyamba aja. Ndiye bangwe wochunidwa C D E F G A angayimbe E G A C D F, n'kupitiriza G F D E A C, osasowa noti ngakhale imodzi. Nthawi yomweyo kiyibodi ikuyimba A# C# D# F# G# B, kenako C# B G# A# D# F#, ndipo asanu mwa manotsi amenewa ndi makiyi akuda, osavuta kuwapeza. Mndandanda woyamba wayambira pa bangwe n'kukathera pa kiyibodi, wachiwiri wayambira pa kiyibodi n'kukathera pa bangwe. Asinthana ngati anthu opatsirana mtolo panjira, ndipo pa theka lililonse manotsi onse 12 amveka. Chenjezo n'lakuti mukakhalitsa pamenepa zimamveka ngati makwaya awiri oyandikana matchalitchi, ina mu C ina mu F#. Kwa ma bar angapo n'zokoma. Kwa mphindi zitatu n'zotopetsa.

Pofuna kuchokapo, zondotsani. Wozondoka woyambira pa E ndi E C# B G# F# D#, kenako G A C A# F D. Apa bangwe ali ndi E yekha mu theka loyamba, ndiye aliza E wakeyo n'kupuma. Mu theka lachiwiri ali ndi G A C F D, wasowa A# yekha, ameneyo mupatse chitoliro chiponyemo. Mwaona kuti kuperewera kwa bangwe kwakuuzani kale amene alankhule ndi amene akhale chete. Ine zoperewera zotere ndimazikonda kuposa gulu limene lingathe chilichonse, chifukwa zimandichepetsera zosankha.

Koma bangwe wa amalume musamugwire musanapemphe. Machunidwe a bangwe satsata piyano, mwini wake amamuchuna molingana ndi mawu ake ndi nyimbo zake, mwina kwa zaka zambiri. Kumuuza kuti asinthe kuti agwirizane ndi kiyibodi kuli ngati kuuza munthu wamkulu kuti asinthe kayendedwe. Ngati n'kotheka pezani bangwe wachiwiri woti muzimuchuna mmene mukufunira. Njira ina, imene ineyo ndingasankhe amalume akakana, ndi kumusiya bangwe momwe alili, akhale kunja kwa mndandanda, azilowa yekha pamene ena onse akhala chete, ngati mkulu amene akuyankha ana atatha kulankhula. Ena okonda malamulo anena kuti imeneyo si twelve-tone yeniyeni. Asiyeni anene.

Za kugawa manotsi, kamvereni chiyambi cha Concerto, Op. 24, ya Anton Webern, wophunzira winanso wa Schoenberg, ya mu 1934. Analembera zoyimbira 9: flute, oboe, clarinet, horn, lipenga, trombone, vayolini, viola ndi piyano. Mndandanda wake ndi timagulu tinayi ta manotsi atatuatatu, tonse tobadwa ku kagulu koyamba. Poyambirira oboe imatchula atatu, flute atatu, lipenga atatu, clarinet atatu, aliyense pa liwiro lake, wina akulowa mnzake asanamalize bwino. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Ndi kupolokezana. Amene anaonapo mangolongondo, choyimbira cha mitengo yogogoda chija, akudziwa kuti awiri amakhala moyang'anizana, wina n'kumalowetsa noti yake pampata umene mnzake wasiya, ndipo chuni chimene umamva palibe mmodzi amene akuchiyimba yekha. Lembani choncho. Nthawi zambiri pazimveka anthu awiri kapena atatu. Onse 6 muwasungire malo amodzi kapena awiri mu nyimbo yonse, kuti akalowa pamodzi womvera adzidzimuke.

Tsopano kamenyedwe, kamene ndikukhulupirira kuti ndiko kanathamangitsa amalume. Womvera akalandidwa d, amafuna china choti agwire, ndipo chapafupi ndi kugunda kwa nyimbo. Manotsi 12 ofanana kutalika amamveka ngati mpopi wodontha usiku. Tengani kamenyedwe kamene kali kale m'manja mwanu, kaya mukachotse ku ng'oma za tchopa kaya ku kuwomba m'manja kwa amayi pa chinkhoswe, mukaveke manotsi anuwo. Tiyerekeze kuti kali ndi mawombedwe asanu kasanabwerere poyambira. Poti manotsi ndi 12, noti yoyamba sidzagweranso pa kuwomba koyamba mpaka patadutsa manotsi 60, ndiye kuti mndandanda wazungulira kasanu, kamenyedwe kazungulira ka 12. Thupi la womvera likumva chinthu chodziwika, khutu likumva chatsopano ulendo uliwonse. Ndi kachinthu kakang'ono kameneka mungadzaze gawo lonse la nyimbo.

Zoyimbira zanu sizofanana mphamvu, ndipo pepala silikuuzani zimenezo. Lipenga likhoza kumiza anzake onse asanu. Lipatseni mawu afupiafupi ngati kuitana, kapena noti imodzi yaitali yapansipansi, ndipo ngati pali chotsekera kukamwa chija amati mute, chigwire ntchito. Chitoliro pa manotsi ake apansi, kuyambira pa C wapakati kukwera pang'ono, n'chofooka kwambiri, ndiye mukachiika pamenepo lipenga likhale chete. Awiriwa amapuma ndi mapapo, muwasiyire mipata. Gitala ndi bangwe mawu awo amafa msanga ukangokhwatcha, vayolini ndi chitoliro zimagwira noti nthawi yaitali. Kusiyana kumeneku ndi chuma: vayolini igwire noti imodzi pamwamba, okhwatchawo azidumphadumpha pansi pake. Besi mulibe, kupatula dzanja lamanzere la kiyibodi ndi zingwe zapansi za gitala, imene imamveka octave imodzi pansi pa pamene yalembedwa. Wa kiyibodi asankhe mawu a piyano, azimitse ng'oma zodziyimba zokha zija, ndipo asamenye ma octave ndi dzanja lamanzere monga anazolowera, chifukwa noti yobwerezedwa m'ma octave imayamba kudziyesa mfumu. Mukafuna kumva gitala ili pakati pa zoyimbira zina m'nyimbo za anthu amenewa, pali Serenade, Op. 24, ya Schoenberg, momwe muli gitala ndi mandolin.

Mphindi 8 n'zambiri. Concerto ya Webern ija, magawo ake onse atatu, safika mphindi 10, ndipo iyeyo anali atakhwima kale. Dulani zifike ziwiri kapena zitatu. Yambani ndi chinthu chimene munthu angachizindikire chikabweranso, pitani kwina kodekha, mwina vayolini ndi chitoliro zokha pa mndandanda wozondoka uja, kenako bwererani. Pobwerera musaope kubwereza chiyambi momwe chinalili.

Poyeserera, musagawe mapepala tsiku loyamba. Onse ayimbe mndandanda pakamwa mu sol-fa mpaka ulowe, kenako awombe m'manja kamenyedwe ka gawo lawo, zoyimbira zibwere pomaliza, awiriawiri. Pa pepala la aliyense mulembepo timanotsi tating'ono toonetsa amene akuyimba iye asanalowe, chifukwa mu nyimbo zotere munthu akasochera alibe chomubweza. Wa vayolini ndiye amene avutike kwambiri, poti alibe kiyi yotsamira, ndipo chiperoni chikagwa zingwe zimasuntha. Muzichuna poyamba ndi pakati pomwe. Magetsinso akathima kiyibodi yafa, choncho si kulakwa kukhala ndi kagawo kamene kangayime popanda iyo.

Zakuti si zathu, ine sindikuvomera. Sol-fa imene munakula nayo inakonzedwa ku England, John Curwen ndiye anaifalitsa m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno inabwera ndi amishoni. Lero ndani angauze kwaya ya ku Thyolo kuti d r m si wawo? Gitala ndi banjo nazonso zinabwera, tinazipatsa chilankhulo. Komabe ndisakunamizeni. Ngakhale ku Vienna komweko nyimbozi sizinakondedwe ndi anthu ambiri, ndipo mpaka lero omvera ake ndi ochepa. Walira mvula walira matope. Mukaphika bwino, ena adzati n'zachilendo koma zikugwira mtima, ena adzafunsabe kuti nyimboyo iyamba liti. Musakaiyambire pa mapemphero a Lamlungu kapena pa ukwati wa munthu. Itanani anthu 20 m'kalasi madzulo, muwayimbire mndandanda pakamwa kaye, muyimbe nyimboyo kawiri. Ulendo wachiwiri ndi umene anthu amayamba kumva. Vuto lina limene ndaliona mwa achinyamata ndi kukodwa mu masamu, munthu n'kutha miyezi akudzaza tebulo la maonekedwe 48 osalemba bar ndi imodzi yomwe. Pa nyimbo yoyamba atatu kapena anayi akukwanirani.

Pali pamene mufunika munthu wina. Gawo lililonse, musanalisindikize, mulionetse kwa amene amayimba choyimbiracho tsiku ndi tsiku. Wa bandi ya malipenga, kaya ya apolisi, ya asilikali kapena ya tchalitchi, akuuzani m'mphindi zochepa ngati noti ina ili pamwamba mopitirira milomo ya mnyamata wanu. Lembani nyimboyo mu MuseScore, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, imene imasinthira yokha gawo la lipenga mukaiuza kuti ndi la B♭, ndipo imakuyimbirani kuti mumve. Musaikhulupirire pa nkhani ya mphamvu ya zoyimbira, kwa iyo chitoliro ndi lipenga n'zofanana. Ngati mwakonza zonsezi koma gulu likumasweka pamalo omwewo masabata anayi otsatizana, vuto lili m'kalembedwe kapena m'kawerengedwe ka staff, ndipo pamenepo pafunika mphunzitsi wokhala nanu pansi. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba kuli gawo lophunzitsa nyimbo, ku Lilongwe kuli Music Crossroads. Popita mutenge pepala ndi zimene mwajambula pafoni, chifukwa mphunzitsi akangoona pepala lokha adzakuuzani za manotsi, pamene vuto lingakhale la anthu.

Amalumewo muwapitire nokha kunyumba, musawatumire uthenga. Pepala mulisiye. Mukakhala pakhonde muwayimbire m s l d r f pakamwa, kawiri katatu, muone chimene zala zawo zichite nazo. Foni ikhale ikujambula, chifukwa n'kutheka kuti bar yanu yoyamba ichokera pamenepo. Mukatero munditumizire ndimve, pamodzi ndi pepala la wa lipenga lija.